DNA supercoiling yandiimitsa mutu, amene mukuitsata thandizeni

mwana_wa_Bangula

Moni nonse pagulu pano. Ndili pa holide kwathu kuno ku Bangula koma tikangotsegulira pali mayeso a biochemistry akundidikira, nde pali topiki imodzi yandiimitsa mutu, DNA supercoiling. Zoti DNA ndi nkhosi ziwiri zopotana ndimazidziwa kuchokera ku sekondale, A amagwirana ndi T, G ndi C, Watson ndi Crick 1953, zonsezo ndinaloweza kalekale. Koma pano akuti chinthu chopotana kalecho chimapotananso pachokha, pena akuti negative pena positive, kenaka mwadzidzidzi pakutulukira Lk = Tw + Wr, munthu mpaka kukaikira ngati sunasochere kalasi. Notsi zomwe ndili nazo ndi ma slide okhaokha, mawu atatu tsamba lonse, ndipo topikiyi tinaidutsa mothamanga sabata yomaliza.

Chomwe ndikufuna kumva nchoti kodi kupiringizika kumeneku ndi ngozi chabe yoti selo limangolimbana nayo kapena selolo limachita kufuna? Nanga akati negative ndekuti chani, nkhani ya chaji kapena? Ndipo zimasintha chani pa ntchito ya selo, chifukwa anzathu omwe ali chaka cha patsogolo akuti funso limakonda kubwera pamenepo. Amene mukuzitsata ndifotokozereni mchichewa chathu chomwechi pulizi, ma video a pa YouTube andithera bandulo ine osatolapo kanthu.

Dolo_wa_Nchalo

Aise usadzivutitse, nkhani yake ndi yopakira basi. DNA ya mu selo limodzi la munthu utaitambasula yonse imakwana pafupifupi mamita 2, pomwe nucleus yomwe imakhalamoyo ndi kanthu ka ma micrometre owerengeka, nde ingalowemo bwanji osaipiringiza? Lemba zimenezo, uponyepo mawu oti topoisomerase penapake, mamalikisi ako watenga. Formula ijayo ingoloweza, sindinamvepo munthu ataifunsidwa pa intavyu kkkk

Aphunzitsi_Ngabu

A Dolo mwanena zoona koma mwangonena theka, ndipo theka mwasiyalo ndi lomwe mwanayu wafunsa. Kupakira kulipo inde, koma nkhani yaikulu ya supercoiling ndi kukungika kwa DNA, ndipo selo limawononga mphamvu usana ndi usiku kuti kukungikako kukhale pa mlingo womwe ilo likufuna.

Mwana wanga pita kukhola ukatenge chingwe cha mbuzi cha nkhosi ziwiri, kaya chakhonje kaya cha nayiloni, ine pophunzitsa ndimalowa nacho mkalasi ana nkumaseka. Mbali imodzi umange pamtengo inayo ugwire. Ukamachipota kulowera komwe chinapotedwera kale chimalimba, chimalimba, ukangochikhwefulirako pang'ono chimadzipinda chokha nkuyamba kudzikulunga. Imeneyo ndiye positive. Ukachipota mobwerera nkhosi zija zimafuna kulekana, ndipo nachonso chimadzikulunga koma cholowera kwina. Imeneyo negative. Za chaji palibepo apa. DNA ili nacho chaji chifukwa cha ma phosphate ake koma ndi nkhani ina, usaziphatikize. Negative kuno ndekuti mapotedwe apelewera poyerekeza ndi mmene DNA imakhalira palibe choikunga.

Palibe choikunga, DNA imazungulira kamodzi pa ma base pair (mapeya aja a A ndi T kapena G ndi C) pafupifupi 10.5 alionse, kulowera kumanja. Tsono tenga DNA yozungulira yopanda mapeto, monga plasmid (kabwalo kakang'ono ka DNA ka mu bakiteriya), ya ma base pair 2100. Gawa ndi 10.5 upeza 200. Ndekuti nkhosi imodzi yazungulira inzake ka 200, nambala imeneyo ndiye Lk. Apa mvetsetsa, bola nkhosi zonse ziwiri zili zosaduka Lk sisintha olo uikoke, uipinde, uifinye bwanji. Zomwe zimasinthana ndi Tw, kupotana kwa nkhosi ziwirizo, ndi Wr, kudzikulunga kwa chingwe chonsecho pachokha. China chikakwera china chimatsika kuti ukaziphatikiza zibwerere pa Lk yomweyo, formula yonse ikungonena zimenezo. Nde tiyerekeze kwabwera enzyme, puloteni yogwira ntchito inayake mu selo, yadula, yachotsapo mapotedwe 12, yalumikizanso. Lk pano ndi 188. Koma DNA imakakamirabe 10.5 yake ija, nde imabweza Tw kufupi ndi 200 ndipo kupelewera kwa 12 kuja kumathawira ku Wr, chingwe nkudzikulunga. Zenizeni zake imagawa, gawo lalikulu ku Wr lochepa ku Tw, koma powerengera pa mayeso amakonda kuti Tw 200, Wr -12. Ukagawa -12 ndi 200 upeza -0.06, ndipo nambalayi sindinangoitola, DNA yochotsedwa m'mabakiteriya monga E. coli imapezeka cha pamenepo. Woyamba kuzindikira kuti DNA yozungulira imadzikulunga chonchi anali Jerome Vinograd ndi anzake ku Caltech mu 1965, ankagwira DNA ya vairasi ya polyoma.

Nanga selo limasungiranji dala DNA yopelewera mapotedwe? Chifukwa DNA yotsekeka siwerengeka. Uthenga uli mkati pakati pa nkhosi ziwirizo, nde kuti gene iwerengedwe kapena chromosome ikopedwe ziyenera kutseguka kaye pamalopo. DNA ya negative imakhala ili kale ndi mphamvu yoikankha kuti itseguke, ikangotseguka pang'ono penapake kukungika kwa chingwe chonse kumatsika. Ndipo pomwe pamayamba kugonja ndi pomwe pachuluka A ndi T, awiriwa amagwirana ndi ma hydrogen bond awiri pomwe G ndi C ndi atatu. Ukayang'ana poyambira ma gene a bakiteriya komanso pomwe kukopera chromosome kumayambira upeza A ndi T atadzazana. Kukungikako kukanyanya DNA imatha kusinthiratu maonekedwe m'malo ena, pena kutulutsa kamtanda, pena kupotera kumanzere komwe amati Z-DNA, koma izo ungotchula mzere umodzi zakwana.

Positive ndiye imabwera yokha ntchito ikayamba. Bwerera kuchingwe chija, lowetsa kamtengo pakati pa nkhosi ziwirizo, mnzako agwire mbali inayo isazungulire, iwe uzikankha kamtengoko kutsogolo. Kutsogolo kuthina mpaka kamtengo kakana kuyenda, kumbuyo kukhwefuka. RNA polymerase, enzyme yowerenga uthenga wa mu DNA, ikamayenda pa gene imachita zomwezo, positive kutsogolo negative kumbuyo, anafotokoza zimenezi ndi Leroy Liu ndi James Wang mu 1987. Pokopera DNA ndiye zimafika poipa. E. coli ali ndi ma base pair 4.6 miliyoni, makina okopera amathamanga pafupifupi ma base pair 1000 pa sekondi, gawa ndi 10.5, ndekuti mapotedwe pafupifupi 100 akuunjikana kutsogolo kwake pa sekondi iliyonse. Ndipo kuti ma chromosome awiri atsopano alekane, mapotedwe onse a chromosome yakale, cha m'ma 440,000, achoke osatsala olo limodzi.

Amene amachotsa ndi ma topoisomerase omwe a Dolo akuti ungoponyapo aja. Type I imadula nkhosi imodzi, kukungika nkumasuka, iyo nkulumikizanso, sifuna ATP, mafuta oyendetsera ntchito za selo, chifukwa ikungotulutsa mphamvu yomwe ilipo kale. Yoyamba anaipeza ndi Wang yemweyo mu 1971. Type II imadula nkhosi zonse ziwiri, nkudutsitsa chigawo china cha DNA pampatapo, nkutseka, imadya ATP ndipo imasintha Lk ndi 2 nthawi iliyonse. Ya type II yotchuka ndi gyrase, anaipeza Martin Gellert ndi anzake mu 1976, ndipo iyoyi simangomasula, imachita kulowetsa negative mu DNA. Nde mu bakiteriya gyrase ikukokera kwake, topoisomerase I ikubwezera kwake, mlingo umapezeka pakati. Chomwe chimandisangalatsa ine nchoti zimadziyeza zokha, DNA ikakhwefuka ma gene opanga gyrase amawerengedwa kwambiri, ikakungika mopyola gene ya topoisomerase I ndiyo imakwera. Komanso mchere ukasintha pomwe bakiteriya ali, kapena kutentha, kapena chakudya chikatha, kukungika kwa DNA kumasintha ndipo ma gene mazana angapo amakwera ena kutsika nthawi imodzi. Pafunso lako loti zimasintha chani pa ntchito ya selo yankho lake ndi limeneli, kupakirako ukutchule pamapeto.

mwana_wa_Bangula

Takhuta aphunzitsi, chingwe ndachiyesa ndithu, mayi amangondiyang'ana kuti mwana uyu sukuluyi yamupenga kapena. Zakamtengo zija zachitikadi, chimathina mpaka osayenda.

Koma pali pomwe pandisokoneza. Mwanena kuti Lk sisintha ngati DNA ili yozungulira yopanda mapeto. Nanga ife anthu ma chromosome athu 46 aja si ali ndi mapeto? Ndikasiya kugwira chingwe chija chimangozungulira chokha nkumasuka zonse nkuthera pomwepo, nde ndimaganiza kuti kwa ife supercoiling singakhalepo. Komanso ife gyrase tili nayo? Mu notsi mwangolembedwa topo I ndi topo II basi.

Sisi_wa_Labu_Chikwawa

Aphunzitsi ndiloleni ndimuyankhe ineyo apa, mupumeko.

Mwana wakwathu funso lako ndi labwino ndipo ambiri amagwera pomwepo. Mapeto alipo inde koma ali kutali zedi, chromosome imodzi ya munthu ili ndi ma base pair mamiliyoni makumi angapo mpaka kupyola 200 miliyoni, ndipo sikuti ikungoyandama, mapuloteni anaigwira m'malo ambirimbiri nkuigawa m'zigawo zokhota. Chigawo chomwe chagwiridwa uku ndi uku sichingazungulire momasuka nde chimakhala chimodzimodzi ndi DNA yopanda mapeto. Osaiwalanso kuti mu mitochondria mwathu, tizigawo ta selo topanga mphamvu, muli DNA yozungulira yeniyeni, ya ma base pair 16,569.

Gyrase ife tilibe. Negative yathu imabwera njira ina, DNA imakulungidwa pa mapuloteni otchedwa histone, asanu ndi atatu pagulu limodzi, ma base pair pafupifupi 147 kuzungulira kosakwana kawiri, kulowera kumanzere. Kagulu kameneko ndiye nucleosome. Pokulungapo mbali ina ya DNA imathina, topoisomerase imabwera kumasula kuthinako, nde chotsala ndi negative yomwe yasungidwa pa histone. Utachotsa ma histone onse upeza kuti nucleosome iliyonse yasiya pafupifupi supercoil imodzi ya negative. Apa ndi pomwe mfundo ya a Dolo ndi ya aphunzitsi zimakumana, kukulunga komwe kukupakira DNA ndi komwenso kukusunga mphamvu yotsegulira. Polymerase ikamabwera, positive ya kutsogolo ija imagwedeza ma nucleosome kuti apatuke, negative ya kumbuyo imathandiza kuti abwererepo. Ndipo selo likamagawikana topo II ndiyo imamasula ma chromosome awiri omwe akolana, popanda iyo amakokedwa ali chikolanirane nkuduka.

Zimenezi zimaoneka ndi maso, si za m'buku zokha. Ku koleji tinathirapo plasmid imodzi pa gel ya agarose, phala lolimba lomwe DNA imayendamo ikamakokedwa ndi magetsi, nkutuluka mizere itatu, ena mpaka kumati sampulo yadetsedwa. Ayi ndithu, DNA ndi yomweyo kutalika kumodzimodzi, koma yodzikulunga ija ndi yothinana nde imathamanga kutsogolo, yodulidwa nkhosi zonse nkuwongoka imabwera pakati, yomwe yangoduka nkhosi imodzi nkukhwefuka ndiyo imatsalira kumbuyo. Kaduka kamodzi kokha pa nkhosi imodzi supercoiling yonse yatha, pamenepo ndi pomwe ine ndinakhulupirira za Lk.

Tsono a Dolo mukuti palibe amazifunsa kuntchito, cipro munamwapo? Ciprofloxacin amagwira gyrase ndi inzake topoisomerase IV ya bakiteriya. Ndipo mmene amaphera ndi mochenjera, enzyme ija ikadula DNA imakhala itagwira mapeto odukawo podikira kulumikiza, mankhwalawa amalowa pampata pomwepo nkuletsa kulumikizako. Nde enzyme yomwe imayenera kuthandiza ndi yomwe ikusiya chromosome ili zidutswazidutswa, bakiteriya nkufa. Ife amatisiya chifukwa topo II yathu ndi yosiyana mapangidwe, ngakhale sindikunena kuti alibe zovuta zake, ena amawapweteketsa mitsempha ya kuchidendene. Kholo la mankhwala amenewa ndi nalidixic acid wa mu 1962, George Lesher ndi anzake anafika pa iye kuchokera ku zotsalira popanga chloroquine wa malungo uja.

Chimandiwawa nchoti kuno munthu akangotsegula m'mimba pang'ono amathamangira kugula cipro awiri pamsika, kumwa, mawa wasiya. Bakiteriya amangofunika kusintha amino acid imodzi pa gyrase yake, kawirikawiri pa nambala 83 ya GyrA, chimodzi mwa zigawo za gyrase, mankhwala nkuyamba kugwira mofooka, akaonjezera kusintha kwina ndiye basi. Tizilombo ta taifodi tachita kale zimenezi kwambiri ku maiko monga India ndi Pakistan, ndipo kuno cipro ndi mmodzi mwa omwe timadalira chifukwa mankhwala akale aja monga chloramphenicol ndi bactrim anasiya kugwira bwino pa taifodi yomwe inabuka ku Blantyre kuyambira cha m'ma 2011. Nchifukwa chake katemera wa taifodi yemwe anayamba mu 2023 uja ndi wofunika. Kolera yomwe inatizunza mu 2022 ndi 2023, pakati pa madzi osefukira a namondwe Ana ndi namondwe Freddy, chopulumutsa chachikulu chinali ORS ndi dripi osati kumeza ma antibiotic mwachisawawa. Pa TB yosamva mankhwala levofloxacin ndi moxifloxacin amagwiranso gyrase yomweyo, kachilombo ka TB topoisomerase IV kalibe, ndipo pali katiriji ya GeneXpert, makina oyezera TB aja, yomwe imayang'ana kusintha pa ma gene a gyrase, gyrA ndi gyrB, kuti tidziwe ngati mankhwalawo agwire. China, osamwera cipro mkaka kapena kumuphatikiza ndi mapiritsi a ayironi ndi a magnesium a chilungulira aja, amagwirana nazo m'mimba nkulephera kulowa m'magazi.

Ku khansa nkomwenso, etoposide ndi doxorubicin amakola topo II yathu yomwe, irinotecan ndi topotecan amakola topo I, awiri omalizawa anachokera ku camptothecin wa mu mtengo wina wa ku China. Maselo omwe akugawikana mothamanga ndi omwe amavulala kwambiri, nchifukwa chake tsitsi limathothoka ndi magazi kutsika.

Dolo_wa_Nchalo

Asisi mwandilasa ndi cipro kkkk koma ine ndikuonabe kuti pa mamalikisi 10 kupakira kumatenga 5. Olo bakiteriya yemweyo DNA yake ndi yopitirira milimita imodzi mu kaselo ka ma micrometre awiri, osaipiringiza ingakwanemo?

Koma ndifunseko zanga. Aphunzitsi mwati kutentha kumasintha kukungika kwa DNA, nde ife a kuchigwa kuno Okutobala akafika 40 nkupyola, m'minda ya nzimbe umu munthu kumachita kuona mpweya ukuvina, DNA yathu simamasuka? Mwina nchifukwa chake timakalamba msanga eti

Aphunzitsi_Ngabu

A Dolo mamalikisi anuwo gawanani nokha, ine sindichonga nawo. Kukwanako mukunena zoona, DNA yodzikulunga imatenga malo ochepa, komanso mu bakiteriya muli mapuloteni monga HU ndi H-NS omwe amathandiza kuipinda. Ndangokana zoti nkhani imathera pamenepo.

Za kutentha musade nkhawa. Kunja kukhale 43 ku Ngabu kuno, mkati mwa thupi mumakhalabe cha pa 37 bola mukumwa madzi nkumatuluka thukuta, ndipo munthu kutentha kukamupha chimayamba kugonja ndi mapuloteni ndi ziwalo, DNA ili chilimbire. Mu labu pofuna kulekanitsa nkhosi ziwirizi pa PCR, njira yochulukitsira DNA, amakweza mpaka madigiri 94 kapena 95. Zomwe ndimanena zija ndi za mabakiteriya omwe alibe thupi lowatchinjiriza, iwo kutentha kwa pomwe ali ndi kwao komweko, nde kachilombo kochoka m'madzi a pachitsime kulowa m'mimba mwa munthu kamakumana ndi kutentha kwina, mchere wina, mpweya wochepa, kukungika kwa DNA yake nkusintha, ndipo imeneyo ndi imodzi mwa njira zomwe ma gene oyambitsa matenda amadzukira mu tizilombo monga Salmonella.

Koma funso lanu lili ndi pokomera. Kuli tizilombo tokhala m'akasupe otentha ndi pansi pa nyanja pomwe pamatuluka madzi owira, timakula bwino pa madigiri 80 kupita mtsogolo. Ito vuto lake ndi losemphana ndi lathu, DNA ikufuna kutseguka yokha paliponse. Nde tili ndi enzyme yotchedwa reverse gyrase, inapezeka ku Japan mu 1984 mu kachilombo kotchedwa Sulfolobus, iyo imalowetsa positive m'malo mwa negative, imadya ATP ngakhale ili ya type I. Akatswiri atachotsa gene yake mu tina mwa tizilomboti tinayamba kulephera kukula kutentha kukakwera kwambiri. Mwana wa ku Bangula chitsanzo ichi uchilembe, chimaonetsa kuti mlingo wa supercoiling chamoyo chilichonse chimaukonza molingana ndi komwe chikukhala.

Wazoweta_Nsanje

Ine ndimangowerenga mwakachetechete koma apa ndilowepo pang'ono ndi za ng'ombe, paja kuchigwa kuno ndiye chuma chathu. Tizilombo ta trypanosome tomwe timafalitsidwa ndi kashembe, timene timafooketsa ng'ombe komanso kuyambitsa kaodzera kwa anthu, tili ndi DNA yachilendo kwambiri mu mitochondria mwake, amati kinetoplast. Si bwalo limodzi ayi, ndi timabwalo masauzande tating'onoting'ono kuphatikiza tokulirapo makumi ochepa, tonse tokolowekana, kalikonse kakolana ndi anzake atatu kapena cha pamenepo. Chodabwitsa nchoti timabwalo timeneti tilibe supercoiling, ndi tokhwefuka, pomwe DNA yozungulira pafupifupi kwina konse ndi ya negative. Kuti kachilomboka kagawikane, topo II iyenera kumasula kabwalo kamodzikamodzi, kakopedwe, nkukalumikizanso. Mankhwala omwe timabaya ng'ombe aja, Berenil ndi Samorin, amakamamatira ku DNA imeneyi nkusokoneza ntchitoyo, tizilombo tina mpaka kutaya kinetoplast yonse.

Asisi a ku labu, ethidium bromide yemwe mumaonetsera DNA pa gel uja, movala magolovesi moopa, kwathu ku zoweta ndi mankhwala a ng'ombe kuyambira m'ma 1950, amatchedwanso homidium. Vuto ndi lomwe mwanena pa cipro lija, alimi ena amagula okha nkubaya dozi yopelewera kuti sacheti imodzi ikwanire khola lonse, tizilombo nkuzolowera.

Sisi_wa_Labu_Chikwawa

Achimwene mwabweretsa chinthu chabwino, tiyeni timuyese nacho mwanayu. Ethidium amalowa pakati pa ma base pair nkumasula kupotana kwa nkhosi ndi madigiri pafupifupi 26 pa molecule iliyonse, sadula kanthu. Tenga plasmid ya aphunzitsi ija, Lk 188, Tw 200, Wr -12, uzithira ethidium pang'onopang'ono. Chichitike nchani ku zitatuzi, ndipo pa gel iziyenda bwanji?

mwana_wa_Bangula

Ndiyese. Poti sadula ndekuti Lk ikhalabe 188 zivute zitani. Tw izitsika kuchoka pa 200, nde kuti ziphatikizane pa 188 Wr iyenera kukwera kuchoka pa -12 kupita ku 0, ndekuti plasmid izimasuka kudzikulunga kuja nkumachedwa pa gel mpaka ifanane ndi yokhwefuka ija. Ndikapitiriza kuthira Tw itsika kupyola 188, tinene 180, Wr ikhala +8, iyambanso kudzikulunga koma cholowera kwina, positive, nkuyambanso kufulumira. Ndawerengeranso kuti mapotedwe 12 ndi madigiri 12 x 360 = 4320, kugawa ndi 26 zikubwera 166, ndekuti pakufunika ma molecule a ethidium pafupifupi 166 pa plasmid imodzi kuti Wr ifike pa 0. Zili choncho asisi?

Sisi_wa_Labu_Chikwawa

Zili choncho ndithu, ndipo umu ndi mmene akatswiri ankayezera kuchuluka kwa supercoiling kalelo, kuthira mankhwalawa mpaka DNA ikhwefuke nkuwerengera chobwerera. Plasmid yoduka nkhosi imodzi ija yokha ndiyo singachite zimenezi, olo uthire bwanji imangozungulira pamalo podukapo nkukhalabe yokhwefuka. Ungosamala chimodzi, akakufunsa za gyrase pa plasmid yomweyo kumbuka kuti imayenda ndi 2, kuchoka pa 200 kufika pa 188 ndi maulendo 6 osati 12, ndipo ulendo uliwonse umadya ma ATP awiri.